Mjigo wa pafupi ndi dzala lakale: madzi akapezeka opanda mabakiteriya ndiye kuti ali bwino?

Chidwi_ndi_Madzi:

Moni akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa za madzi apansi panthaka. Tiyerekeze dzala lalikulu la mzinda limene lakhala likulandira zinyalala zosakanikirana kwa zaka zoposa 20: za m'nyumba, za m'magalaja, zitini za penti, ndi zotsala za m'mafakitale ang'onoang'ono. Pansi pake sanayalepo chilichonse, anangoyamba kutaya m'nkhuti yakale imene ankakumbamo mchenga. Pa mtunda wa mamita 400 pali mijigo. Madzi ake apimidwa ndipo mabakiteriya mulibe, nitrate ndi wochepa, lead ndi cadmium sanapezeke. Madziwo ndi oyera mbee, fungo alibe.

Kodi zotsatira zimenezi n'zokwanira kuti munthu anene kuti dzalalo silikuwononga madzi? Nanga makemikolo a m'gulu la petulo, osungunulira penti ndi ophera udzu, amatha kuyenda mamita 400 pansi panthaka, kapena dothi limawasefa?

Wazamakemikolo:

N'zosakwanira. Labotale imapeza chokhacho chimene mwaiuza kuti ifufuze, ndipo pa mndandanda mwatchulawo palibe ngakhale chimodzi chimene chingaonetse makemikolo mukufunsawa.

Tiyambe ndi nkhani ya lead ndi cadmium, chifukwa imapusitsa ambiri. Mvula ikalowa m'zinyalala imatuluka pansi ili madzi akuda bii amene akatswiri amawatcha leachate. M'zaka zoyambirira zinyalala zimawola n'kutulutsa asidi, pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) imafika cha m'ma 5 kapena 6, ndipo nthawi imeneyi ndi imene zitsulo zimasungunuka kwambiri. Pakapita zaka, mabakiteriya opanga mpweya wa methane amatenga malo, pH imakwera kupitirira 7.5, ndipo zitsulo zambiri zimagwidwa ndi sulphide n'kutsala m'dzala momwemo. Choncho dzala la zaka 20 kusaonetsa lead kumunsi kwake si zachilendo. Zimene zimapitirizabe kutuluka kwa zaka makumi ndi amoniya, chloride (amene amapezeka mumchere), kaboni wosungunuka wochokera ku zowola, ndi makemikolo opangidwa ndi anthu.

Makemikolo amenewa sayenda mofanana, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Benzene, toluene, ethylbenzene ndi xylene, amene amachokera ku petulo, penti ndi guluu, ndi opepuka kuposa madzi. Toluene amawonongeka msanga ngakhale pamalo opanda okosijeni, koma benzene amauma mutu, amatha kuyenda kutali asanawonongeke. Gulu lachiwiri ndi la makemikolo otsukira girisi pa zitsulo ndi ochapira zovala popanda madzi: trichloroethylene amene timangomutcha TCE, ndi tetrachloroethylene amene timamutcha PCE. Awa ndi olemera kuposa madzi. Lita imodzi ya TCE imalemera makilogalamu 1.46, ya PCE 1.62. Mgolo ukaboola m'dzala, samayandama. Amamira, kudutsa madzi onse, mpaka kukagona pa dongo kapena pa thanthwe, ndipo kumeneko amasungunuka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Ndiye pali ena amene dothi siliwagwira n'komwe. 1,4-dioxane, amene amapezeka m'mankhwala ena osungunulira, amasakanikirana ndi madzi kotheratu ndipo amathamanga pafupifupi liwiro la madziwo. Mecoprop, mankhwala ophera udzu, amapezeka kawirikawiri mu leachate ndipo sawonongeka bwino pamalo opanda okosijeni. Makemikolo a PFAS, ochokera ku makapeti, nsalu zosalowa madzi, mapepala okulungira zakudya ndi thovu lozimitsira moto, mabakiteriya sawatha. Mosiyana ndi onsewa, PCB (makemikolo a m'mafuta a matiransifoma akale) ndi DDT (mankhwala ophera tizilombo), ngakhale ali oopsa moti ali pa mndandanda wa Pangano la Stockholm la 2001 lolimbana ndi makemikolo osawonongeka msanga, amakakamira pa dothi ndipo nthawi zambiri samapita kutali, pokhapokha atanyamulidwa ndi oyilo kapena mankhwala osungunulira.

Za kuoneka ndi fungo la madzi, iwalani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a benzene m'madzi akumwa pa mamayikirogalamu 10 pa lita (galamu imodzi ndi mamayikirogalamu miliyoni), a vinyl chloride, amene ndimufotokoze pansipa, pa 0.3. Ku America malire a TCE ndi 5. Werengerani nokha: lita imodzi ya TCE ndi mamayikirogalamu 1,460,000,000. Mukagawa ndi 5 mupeza kuti lita imodzi yokhayo ingafikitse malita pafupifupi 290 miliyoni a madzi pa malire amenewo. Pa mlingo wotere palibe lilime kapena mphuno imene ingamve kanthu. Za PFAS ndiye n'zocheperatu: mu 2024 bungwe loteteza chilengedwe la EPA ku America linaika malire a PFOA ndi PFOS, mitundu iwiri ya PFAS, pa mananogalamu 4 pa lita (mayikirogalamu imodzi ndi mananogalamu 1,000).

Chinthu china chimene anthu sachiyembekezera: kuwonongeka kwa kemikolo sikutanthauza nthawi zonse kuti vuto lachepa. Pamalo opanda okosijeni, mabakiteriya amachotsa chlorine mmodzimmodzi. PCE amasanduka TCE, TCE amasanduka cis-1,2-dichloroethene, ameneyu n'kusanduka vinyl chloride, kenako ethene amene alibe vuto. Masitepe omaliza amadalira kwambiri mabakiteriya a mtundu wa Dehalococcoides. Akakhala kuti palibe, ntchito imaima panjira, ndipo mumatsala ndi vinyl chloride, amene amayambitsa khansa ya chiwindi ndipo amayenda msanga kuposa kholo lake. Ndiye ngati mwapima TCE yekha n'kupeza akutsika chaka ndi chaka, musasangalale musanapime ana ake.

Mkumba_Zitsime:

Ndiwonjezere za mamita 400 aja. Mtunda pawokha sunena kanthu. Mafunso ndi atatu: madzi apansi akulowera kuti, pa liwiro lanji, ndipo mjigo ukukoka pa kuya kotani.

Mbali imene madzi akulowera simungaidziwe poyang'ana kutsetsereka kwa nthaka pamwamba. Nthawi zambiri zimagwirizana, koma osati nthawi zonse. Pamafunika zitsime zopimira zosachepera zitatu zokumbidwa mwa makona atatu, osati mumzere umodzi. Wopima malo ayeze kutalika kwa mlomo wa paipi iliyonse mpaka pa sentimita, ndipo muyeze kuya kwa madzi m'zitsime zonse tsiku limodzi. Ndikuti mpaka pa sentimita chifukwa m'malo ambiri madzi amatsika masentimita 50 okha pa mamita 100, mwinanso ochepera. Kulakwitsa masentimita 20 kungatembenuze muvi wanu pa mapu. Bwerezani nyengo yamvula ndi yachilimwe, chifukwa mbali imatha kusintha.

Liwiro mumalipeza pochulukitsa mphamvu ya dothi yodutsitsa madzi ndi kutsetsereka kwa madziwo, n'kugawa ndi gawo la mipata imene madzi amadutsamo. Mwachitsanzo, mchenga wodutsitsa mamita 10 pa tsiku, kutsetsereka 0.005, mipata 0.25: madzi akuyenda mamita 0.2 pa tsiku, kutanthauza mamita 73 pa chaka. Mamita 400 aja atha pa zaka zisanu ndi theka. Chloride ndi 1,4-dioxane afika pafupifupi nthawi yomweyo. Benzene mumchenga wopanda zowola zambiri amachedwa pang'ono, mwina zaka 8 m'malo mwa 5 ndi theka. Dzala lanu lili ndi zaka 20, ndipo mwanena kuti ankakumbamo mchenga. Mfundo imeneyo yokha ikundidetsa nkhawa kuposa zina zonse, chifukwa nkhuti ya mchenga imakhala pa dothi lodutsitsa madzi, ndipo kawirikawiri okumba amasiya akafika pafupi ndi madzi. Zinyalala zapansi zingakhale zikunyowa ndi madzi apansi nyengo yamvula iliyonse.

Mudongo lenileni nkhani ndi ina, madzi angayende masentimita ochepa pa chaka. Koma pa thanthwe long'ambika kapena pa miyala ya laimu masamu ndapangawa ataye. Madzi amatsata ming'alu, amatha kuyenda mamita ambiri pa tsiku limodzi, ndipo mjigo wa pa mamita 100 ungakhale wabwino pamene wa pa mamita 600 wawonongeka chifukwa uli pa mng'alu womwewo ndi dzala.

Pali zinthu ziwiri zosokoneza. Pansi pa dzala madzi amakwera ngati chulu chifukwa zinyalala zimalowetsa mvula yambiri, ndiye pafupi ndi dzala leachate amamwazikira mbali zonse, ngakhale kumtunda. Chachiwiri, mjigo wa pampu yamagetsi wopopa tsiku lonse umakokera madzi kwa iwo wokha, ndipo ungapatutse mkukuluzi wa madzi oipawo kuchoka panjira yake.

Za kuya: leachate ali ndi mchere wambiri, ndi wolemera pang'ono kuposa madzi abwino, ndiponso mvula yolowa kumunsi kwa dzala imamukankhira pansi. Ndiye akamatalikira amamira. Chitsime chosaya cha pa mamita 400 chingatunge madzi abwino apamwamba, madzi oipa akudutsa pansi pake. N'chifukwa chake pamalo amodzi timaika mapaipi awiri kapena atatu akuya kosiyana, iliyonse ndi chigawo chobowola chachifupi cha mamita 1.5 mpaka 3. Chigawo chachitali cha mamita 15 chimasakaniza madzi oipa ndi abwino, zotsatira n'kuoneka zochepa, komanso chimasanduka njira yotsitsira zoipazo kumadzi akuya.

Chidwi_ndi_Madzi:

Zikomo kwambiri nonse awiri, zandimvekera. Koma kupima makemikolo onsewa ndi kodula. Kodi pali zinthu zosavuta zimene munthu angayambe nazo kuti adziwe ngati leachate wafika? Ndipo madzi okapimitsa amatungidwa bwanji?

Mayi_wa_Labotale:

Zilipo, ndipo ndi poyambira pabwino. Pimani mphamvu ya madzi yodutsitsa magetsi ndi kamita ka m'manja, chloride, amoniya, kaboni wosungunuka, okosijeni, ayironi ndi manganese. Kenako yerekezani ndi chitsime cha kumtunda chimene dzala silingachifikire. Nambala payokha ilibe tanthauzo popanda chofanizira. Chloride akakhala wokwera katatu kapena kanayi kuposa kumtunda, okosijeni watha, ayironi wakwera, ndiye kuti leachate wafika ndipo muyenera kupima zodulazo.

Apa mukumbukire nitrate wochepa uja. Mumkukuluzi wa leachate mabakiteriya amadya kaboni n'kumaliza okosijeni, kenako amagwiritsa ntchito nitrate, kenako manganese, ayironi, sulphate, mpaka kufika popanga methane pafupi ndi dzala. Choncho nitrate wotsika kuposa wa m'zitsime zozungulira angakhale chizindikiro chakuti leachate wafika, osati chakuti madzi ali bwino. Muonjezerenso arsenic, amene ndi poizoni, pa mndandanda. Sikuti amachokera m'zinyalala nthawi zonse: ayironi wa m'dothi akasungunuka chifukwa chosowa okosijeni, amamasula arsenic amene anamugwira.

Koma zizindikiro zotchipazi zili ndi mpata umodzi. Mpweya wa m'dzala, umene pafupifupi theka lake ndi methane, umanyamula vinyl chloride, benzene ndi ena ouluka. Umayenda m'dothi louma pamwamba pa madzi, mbali iliyonse, ndipo makemikolowo amasungunukira m'madzi apansi. Mjigo wotero umaonetsa makemikolo ouluka koma chloride ali bwinobwino. Ndiye ngakhale zotchipa zituluke zoyera, mijigo yoyandikana kwambiri ndi dzala ipimidwe makemikolo ouluka kamodzi ndithu.

Katungidwe ndi pamene zambiri zimalakwika, ndipo kulakwitsa kwake pafupifupi nthawi zonse kumatsitsa zotsatira. Madzi ogona m'paipi musatunge, ataya kale zouluka. Popani pang'onopang'ono, malita 0.1 mpaka 0.5 pa mphindi, mukuyeza pH, okosijeni ndi mphamvu ya magetsi ija mphindi zitatu kapena zisanu zilizonse, mpaka manambala atakhazikika katatu motsatizana. Pampu yokoka ndi mpweya kapena kuponya ndowa mwamphamvu kumaulutsa zomwe mukufunazo.

Makemikolo ouluka amatungidwa m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40 tokhala ndi chotsekera chofewa, momwe labotale yadonthezeramo kale asidi wa hydrochloric kuti pH itsike pansi pa 2. Musatsuke kabotoloko. Thirani mopendeketsa madzi asachite thovu, dzazani mpaka madzi atatumphuka pamlomo, tsekani, tembenuzani n'kugogoda ndi chala. Mukaona kathovu ka mpweya, tengani kabotolo kena muyambirenso. Ikani mu ayezi nthawi yomweyo pa madigiri 4, ndipo labotale ipime pasanathe masiku 14. Mankhwala ophera udzu ndi ma phenol amafuna botolo lagalasi lofiirira la lita imodzi. PFAS ndi zosiyana: botolo la pulasitiki ya HDPE kapena polypropylene, osati galasi, ndipo pasakhale pulasitiki ya Teflon paliponse, kaya m'paipi kapena pa chotsekera. Jekete yosalowa madzi ya wotungayo payokha ingaipitse madziwo.

M'bokosi lililonse muziyenda kabotolo ka madzi oyera a ku labotale kosatsegula. Kakapezeka ndi benzene, mudziwa kuti walowa panjira, mwina bokosi linali pafupi ndi chigubu cha petulo wa jenereta. Pa zitsime zopimira gwiritsani mapaipi a mazinga, osati omata ndi guluu, chifukwa guluu wa PVC amatulutsa makemikolo ake m'madzi kwa nthawi yaitali.

Pomaliza, musanatumize funsani labotale mlingo wotsikitsitsa umene makina awo amaona. Lipoti lonena kuti vinyl chloride sanapezeke, pamene makinawo saona zochepera mamayikirogalamu 5, silinakuuzeni kanthu, poti malire ndi 0.3.

Injiniya_wa_Madzala:

Ndikugwirizana ndi zambiri, koma tisaopseze mopitirira. Kafukufuku wa zaka zambiri pa madzala akale opanda choyala pansi, monga la Vejen ndi la Grindsted ku Denmark, anaonetsa kuti mumchenga makemikolo ambiri a m'gulu la petulo amachepa kwambiri m'mamita mazana ochepa oyambirira, makamaka m'chigawo chimene mabakiteriya amagwiritsa ntchito ayironi. Nthaka imagwiradi ntchito. Vuto ndi lakuti sigwira pa onse, ndipo simungaidalire musanatsimikize ndi manambala a zaka zingapo kuti mkukuluzi waima kapena ukubwerera. Ndiponso dzala la zinyalala za m'nyumba ndi losiyana ndi limene munakwiriridwa migolo ya m'mafakitale. Ku Love Canal, ku Niagara Falls m'chigawo cha New York, kampani ya Hooker Chemical inakwirira matani pafupifupi 21,000 a zotsala za makemikolo pakati pa 1942 ndi 1953, ndipo mu 1978 mabanja anayamba kusamutsidwa. Ndiye chinthu choyamba kufufuza, chosafuna labotale, ndi mbiri ya dzalalo: ndani ankataya chiyani, mbali iti, zaka ziti.

Pa dzala lakale ngati limeneli choyala pansi simungachiikenso. Chimene chili m'manja mwanu ndi madzi olowa pamwamba. Mamilimita 100 a mvula akalowa pa hekitala imodzi amapanga malita 1,000,000 a leachate. Choncho phimbani zigawo zodzadza ndi dongo lotsenderedwa kapena pulasitiki, pamwamba dothi ndi udzu, motsetsereka kuti madzi asadikhe. Kumbani ngalande kumtunda kuti madzi othamanga asalowe. Chepetsani malo otseguka otayirapo tsiku ndi tsiku, letsani zamadzimadzi ndi migolo. Mukaphimba muike mapaipi otulutsira mpweya, apo ayi mpweya umene unkatuluka pamwamba uyamba kuyenda cham'mbali, vuto limene mayi afotokoza lija n'kukula.

Kwa amene akumanga chigawo chatsopano, malamulo a ku America amafuna pulasitiki ya HDPE yokhuthala mamilimita 1.5 pamwamba pa dongo lotsenderedwa la masentimita 60, ndipo leachate asakwere kupitirira masentimita 30 pamwamba pake. Lamulo la European Union la 1999 limafuna dongo lokwana mita imodzi pa zinyalala wamba ndi mamita 5 pa zoopsa, kapena chotchinga chofanana nalo mphamvu. Zimenezi zimachepetsa kwambiri kutayikira, koma sizitseka kotheratu. Dongo labwino la mita imodzi palokha, leachate ali masentimita 30 pamwamba, limadutsitsa pafupifupi masentimita 4 pa chaka, omwe ndi malita 400,000 pa hekitala. Pulasitiki imabooledwa ndi miyala yosongoka ndi makina poyala, misoko imalephera, ndipo makwinya amapereka njira kuti madzi a pa kabowo kamodzi afalikire. Dongo likasiyidwa padzuwa lisanaphimbidwe limang'ambika, ntchito yonse n'kupita pachabe. Mapaipi okokera leachate amatsekeka ndi laimu ndi ndere za mabakiteriya, madzi n'kukwera mamita angapo osadziwika. Ndipo TCE ndi benzene amalowerera mu HDPE yopanda bowo ngakhale limodzi, molekyulu imodziimodzi, moti dongo la pansi lija ndi limene limawachedwetsa.

Wazamakemikolo:

Mfundo ya a Injiniya ndi yoona pa gulu la petulo. Ndingokumbutsa kuti 1,4-dioxane ndi PFAS sankapimidwa kawirikawiri nthawi imene madzala ambiri akale ankanenedwa kuti mkukuluzi wawo waima, ndipo ndi iwowa amene amatsogola.

Ngati mjigo wapezeka woipa, kuwiritsa si yankho. Kumaulutsira benzene ndi TCE mumpweya wa m'nyumba, pamene PFAS amatsala ndipo amachuluka madzi akamaphwera. Chlorine sachotsa makemikolowa, ndipo m'madzi a kaboni wambiri amapanga chloroform ndi anzake. Makala apadera osefera madzi amagwira bwino TCE, PCE, benzene, PFOS ndi PFOA, koma vinyl chloride, 1,4-dioxane ndi ma PFAS afupiafupi amadutsa msanga. Ikani matanki awiri motsatizana, muzipima madzi pakati pawo, ndipo loyamba likayamba kudutsitsa, lachiwiri lipite kutsogolo, latsopano kumbuyo. Kaboni wa mu leachate ndi ayironi amadzadza makalawo msanga kuposa mmene wogulitsa amanenera, ndiye ayironi achotsedwe kaye. Vinyl chloride amachoka bwino popemerera mpweya m'nsanja yodontheza madzi, pamene 1,4-dioxane amafuna kuwala kwa UV pamodzi ndi hydrogen peroxide.

Mukaganiza zokumba mjigo wina wakuya pamalo omwewo, chigawo chapamwamba chitsekedwe ndi paipi yake ndi simenti musanaboole dongo lolekanitsa madzi. Mjigo wakale musangousiya wotseguka: udzadzidwe ndi bentonite (dongo lotupa likanyowa) kapena simenti kuyambira pansi mpaka pamwamba, podutsitsa m'paipi yofika pansi penipeni kuti pasatsale mipata.